Zala za a Mphezi

"Mwafika pati?" anafunsa mphunzitsi wina, amene anabweretsa mayeso kuti atayipidwe, akusuzumira pakauntala.

"Tsamba loyamba likutha," anayankha a Mphezi, maso ali papepala, zala zikuthamanga pa kiyibodi. "Khalani pansi aphunzitsi. Musandiimirire ngati ndine wolemba mayesowo."

Dzina la Mphezi anawapatsa ndi makasitomala chifukwa cha liwiro. Ankagwira ntchito m'shopu yotayipa ndi kusindikiza ya alamu awo, achimwene a amuna awo. M'shopumo munali kompyuta imodzi, pulinta, makina a fotokope ndi benchi la odikira, ndipo mpando wa pakompyuta unali wawo. Kutayipa anaphunzira ali mtsikana, kwa mphunzitsi wovuta amene ankaphimba manja a ophunzira ndi nsalu kuti asaone mabatani. Kuchokera pamenepo sanayang'anenso pansi. Ankatha kumaliza tsamba lonse uku akukalipira mwana wa kasitomala kuti asiye kuseweretsa sitepula.

Limeneli linali tsiku lawo loyamba kubwerera kuntchito. Anali atachoka kwa masabata angapo kukadwazika akulu awo, amene anagwa ndi sitiroko akuchapa. Akuluwo anapulumuka, koma pakamwa panasokonekera. Akafuna madzi pankatuluka mawu ena, ndiye ankakwiya kuti anthu sakuwamva. Tsiku lotuluka m'chipatala namwino anawauza a Mphezi kuti, "Inunso muzipimitsa, mayi. Matendawa amakonda kuyenda pachibale."

Atamaliza tsamba anadzutsa mutu kuti aone pasikirini. Pamene anafuna kulemba kuti "Mayeso a masamu" panali "?qyeso q ,qsq,u". Mizere yonse inali choncho mpaka pansi, ndipo pamalo a manambala panali tizizindikiro tosadziwika.

Anafufuta msangamsanga mphunzitsi asanaone, n'kuyambiranso. Zinatuluka zomwezo.

"Alamu, tabwerani. Kompyutayi mwaitani ine kulibe?"

Alamu anasiya fotokope n'kubwera akupukuta manja pathalauza. "Kompyuta sindinaikhudze. Ndangosintha kiyibodi. Yakale ija inamwa tiyi."

"Tiyi wa ndani?"

"Zimenezo tisafufuze. Iyi ndinaigula kumsika kwa aja ogulitsa zipangizo zogwiritsidwapo kale. Mwini wake anabwera kudzailumikiza yekha, n'kukonzakonza m'kati mwa kompyutamo. Ndakhala ndikulemberapo masiku onsewa, ilibe vuto."

"Ndiye izi n'chiyani?"

Alamu anavala magalasi. Anatembenuza kiyibodi n'kuigwedeza, ndipo munagwa nyenyeswa za buledi wa anthu osadziwika. Anazula chingwe kumbuyo kwa kompyuta, anachipemerera mpweya, n'kuchibwezera. Anazimitsa kompyuta n'kuyatsanso. Kenako anakhala pampando n'kuyamba kusaka zilembo ndi chala chimodzi, milomo ikutchula chilembo chilichonse. Pasikirini panatuluka "mwana", bwinobwino.

Mphunzitsi naye anati ayeseko. Analemba dzina la sukulu yake ndi zala ziwiri, ndipo silinalakwike.

"Tayesaninso, mlamu," anatero alamu.

A Mphezi anakhala pansi, anayang'ana kukhoma monga mwa nthawi zonse, n'kulemba liwu lomwelo. Panatuluka ",zqnq".

"Imani pomwepo, musachotse dzanja," anatero alamu. "Taonani pamene pali kachala kanu."

Anayang'ana. Kachala kakang'ono ka kumanzere kanali pa Q.

"Mwaonatu. Mwadina Q, yakupatsani Q. A ali pamwambapa. Kiyibodi sinama, mlamu. Mwangotopa inu, kudwazika si masewera."

A Mphezi anayang'anitsitsa mabatani aja. A analidi pamzere wapamwamba. Anayesa kukumbukira ngati anali pamenepo chiyambire, koma m'mutu munalibe yankho. Zaka zonsezi malo a zilembo ankawadziwa ndi zala, ndipo maso anali asanafunsidwepo. Anadina A akuyang'ana, panatuluka A. Anakumbukira nkhope ya akulu awo akupempha madzi ndi mawu olakwika, ali otsimikiza kuti akunena zoona.

Mayeso a mphunzitsi anawamaliza dzuwa litapendeka, akutola zilembo chimodzichimodzi ngati nkhuku.

Masiku otsatira benchi linayamba kudzaza. Akayang'ana mabatani ntchito inkatuluka yolondola, koma mochedwa koopsa. Akangoiwala pang'ono n'kudzutsa mutu, zala zinkabwerera kumene zinazolowera, ndiye tsamba lonse lofufuta. Chodabwitsa n'chakuti zilembo zambiri zinkabwera bwino. Zimene zinkawathawa ndi A, M, W ndi Z, koma ndani angalembe chiganizo popanda zimenezo?

"Mphezi yanyowa kodi masiku ano?" anafunsa wogulitsa nsapato wa khomo loyandikana, amene anabwera kudzatayipitsa chidziwitso choti shopu yake ikusamuka.

"Ngati mwathamanga kalembeni ndi makala pakhoma," anatero a Mphezi.

Anthu a pabenchi anaseka, iwonso anaseka nawo.

Anapita kuchipatala osauza munthu. Dokotala anawayeza n'kunena kuti magazi akuthamanga kuposa muyezo. Akanapanda kuthamanga bwanji, munthu wosagona? Anawafunsa ngati dzanja limachita dzanzi, iwo anati ayi. Anawafunsa chimene chawabweretsa, iwo anati zala zikusokoneza zilembo. Dokotala analemba zinazake, anawapatsa mapiritsi, n'kuwauza kuti achepetse zowapanikiza ndipo akangomva chachilendo abwere msanga. A Mphezi pa zonsezo anamvapo liwu limodzi lokha, loti msanga.

Amuna awo anali kalipentala. Shedi yawo inali kuseri kwa nyumba, ndipo ntchito inkabwera mwa apo ndi apo. Chimene chinkagwira nyumbayo mwezi ndi mwezi chinali mpando wa pakompyuta uja, ndipo onse awiri ankadziwa zimenezo ngakhale sankazitchula.

Madzulo ena kalipentalayo anawapeza akazi awo atakhala patebulo, akugogoda thabwa ndi zala ngati akutayipa.

"Mayi, mwayamba kutengera ntchito kunyumba popanda makina?"

"Khalani pansi, bambo. Ndikufuna kusiya ntchito."

Kalipentala anakhala. Anamvetsera nkhani yonse osadula, kenako anati, "Koma mbatata mukusenda bwinobwino. Dzulo mwandisokera batani la malaya. Singano munalowetsa ulusi nokha."

"Akulu aja nawonso ankachapa bwinobwino mpaka tsiku limene anagwa."

"Mwina ndi makinawo."

"Makinawo aliyense akulembera. Alamu akulembera, aphunzitsi akulembera, ngakhale wa nsapato uja analembapo dzina lake. Ine ndekha ndiye ndikulephera. Ndiye vuto lili pati?"

"Pumulani kaye mwezi umodzi. Achimwene sangakane."

"Ndipume kuti ndikabwerere kukasekedwanso? Ine sindikufuna kudzagwera pamaso pa makasitomala, nsalu ili uko, anthu akundijambula pafoni. Ngati ndi kugwa ndigwere m'nyumba mwanga."

Kalipentala anadziwa kuti nkhani yatha. Akazi awo akanena chinthu ndi mawu otsika choncho, kubweza kunalibe.

Alamu nawo anayesetsa. Anati apume, mpando uwadikira. A Mphezi anakana. Anati azibwera m'mawa wokha. Anakananso. Tsiku lina alamu anatseka chitseko cha shopu n'kuwafunsa maso ndi maso.

"Mlamu, ndikufunsa komaliza, chifukwa ndikakauza munthu wina sindidzabweza mawu. Mwatsimikiza?"

"Pezani munthu, alamu. Shopu isafe chifukwa cha ine."

Munthu anapezeka. Anali mayi wamasiye wokhala moyandikana ndi alamu, wa ana awiri a kusukulu. Ankagwira ntchito m'sitolo ya zovala kutali ndi kwawo, kuimirira tsiku lonse, ndipo atamva za mwayiwu anakatsanzika kwa abwana ake tsiku lomwelo. Malo ake kumeneko analowapo wina nthawi yomweyo. Kutayipa ankatha, kwa zala ziwiri, mutu uli pansi.

M'mawa wa tsiku lopatsirana ntchito a Mphezi anabwera kudzamuonetsa mayiyo zinthu. Anamusonyeza m'mene amasungira ntchito za makasitomala m'kompyuta, kabati ya mapepala, ndi anthu oyenera kuwalipiritsa asanawasindikizire. Mayiyo ankangoti "chabwino amayi, zikomo amayi", chikwama chili pamiyendo ngati mlendo. Atati ayese kusindikiza, pulinta inakoka pepala, inalitafuna, n'kuyatsa getsi lofiira.

"Ayi, lero lomwe?" anadandaula alamu. Anatsegula, anakoka, anamenya pambali, koma getsi silinazime. Anausa moyo n'kuimbira Kawaya.

Kawaya anali wokonza makompyuta wa mumsewu womwewo, bambo wa mimba yake, woyenda ndi chikwama chodzaza zingwe. Ntchito ankaidziwa, koma alamu sankakonda kumuitana chifukwa akabwera kudzakonza chinthu chimodzi ankanyoza zinthu zonse za m'shopu. Analowa akupukuta thukuta, anatsegula pulinta, n'kutulutsa kapepala kopindika ndi kachitsulo ka sitepula.

"Pulinta si mbuzi, bwana. Musamaidyetse zilizonse."

Anakhala pakompyuta kuti alembe mawu oyesera. Anangogunda mabatani pang'ono n'kuima. Anayang'ana pasikirini, anayang'ana pansi, n'kuseka.

"Iyi mwaitola kuti?"

"Kumsika. Yatani?"

"Sinatani. Kungoti si yathu ino. Taonani mzere wapamwambawu. Zathu zimayamba ndi Q, kenako W. Iyi yayamba ndi A, kenako Z. M amakhala pansi apa pafupi ndi N, koma iyi yamukweza kumapeto kwa mzere wapakati. Izi amapangira mayiko ena, kumene zilembo anaziyala mwa mtundu wawo. Manambala apamwambawa simunaone kuti akufuna muyambe mwagwira batani lina?"

"Ife manambala timadina a kumbaliwa," anatero alamu.

"Ndiye wokugulitsaniyo ndi wochenjera. Analowa m'kompyuta n'kuiuza kuti iziwerenga mabatani monga alembedwera pamwamba, kuti mukadina chimene mukuona chizituluka chomwecho. Kwa inu oyang'ana palibe vuto. Koma munthu wotayipa osayang'ana, ngati ine kapena mayiwa, angachite misala." Anatembenukira kwa a Mphezi. "Inu mayi mwakhala mukulembera bwanji chinthu chimenechi?"

A Mphezi anali atagwira m'mphepete mwa kauntala.

Kawaya sanazindikire kanthu. Anagwira mausi n'kuloza pakona ya pansi ya sikirini, pafupi ndi nthawi, pamene panali tizilembo ting'onoting'ono. Anati timeneto ndi timene timanena mtundu wa kiyibodi umene kompyuta ikutsatira. Anadinapo, koma panali mtundu umodzi wokha. Wakumsika uja anali atachotseratu wakale. Kawaya anatukwana pang'ono, analowa mosinthira zinthu, anasaka pamndandanda wa zinenero, n'kubwezeretsa kayalidwe kakale pambali pa katsopano.

"Basi. Tsopano muli mitundu iwiri. Mukagwira mabatani awiri awa a pakona nthawi imodzi, yasintha. Mukagwiranso, yabwerera. Tabwerani mayi, muiyese. Zolembedwa pamabatanizo musazione, zikunamizani."

A Mphezi anakhala pampando pang'onopang'ono. Anapukuta manja pansalu yawo. Pakhoma panali chidziwitso chakale cha mitengo ya ntchito, ndipo anayang'ana pamenepo n'kuyamba kukopera. Mzere woyamba anaulemba mwamantha. Wachiwiri zala zinamasuka. Pofika wachitatu m'shopu munadzaza phokoso lija limene makasitomala ankalidziwa, ndipo wa nsapato anasuzumira pakhomo kuti aone chachitika n'chiyani.

Anafika pansi pa chidziwitsocho, koma mutu sanautembenuze.

"Alamu, ndiwerengereni. Ine sindiyang'ana."

Alamu anawerama n'kuwerenga ndi chala pasikirini, mzere ndi mzere. "Palibe cholakwika, mlamu. Ngakhale chimodzi."

Apo m'pamene anayang'ana. Anawerenga okha kuyambira pamwamba mpaka pansi, kenako anakweza manja awo n'kuwatembenuza uku ndi uku. Anaseka, koma kuseka kwake kunatuluka ndi misozi.

"Ndiye kuti mutu wanga uli bwino?"

"Mutu wanu watani?" anafunsa Kawaya.

Alamu anamufotokozera mwachidule. Kawaya anavula chipewa n'kukanda pamutu. Kenako anangoti, "Mukanandiitana, bwana. Ndi ntchito ya kanthawi kochepa."

"Ndikanakuitanira chiyani, chinthu chikulemba bwinobwino?"

Mayi watsopano uja anafunsa mwaulemu ngati naye angayese. A Mphezi anamupatsa mpando. Anasaka A, anamupeza pamwamba, anadina, ndipo panatuluka Q. Anadinanso, Q yemweyo. Anachotsa manja msanga ngati waswa chinthu.

"Musaope," anatero Kawaya. "Inu muzigwira mabatani awiri aja kuti ibwerere kwanu. Mayiwa akabwera azisinthira kwawo. Kompyutayi ikhoza kutumikira nonse awiri, ilibe nsanje."

Kawaya anayang'ana nkhope zawo, anatola zingwe zake, n'kunena kuti ali ndi ntchito ina kutsidya kwa msewu.

Mayi uja anaimirira pampando n'kubwerera pabenchi, chikwama atachikumbatira. Sanapemphe kanthu. Anangoyang'ana pansi, pa nsapato zake zopukutidwa bwino.

Alamu anawaitanira a Mphezi kuseri kwa makina a fotokope, ngakhale m'kashopu kameneko munalibe malo oti munthu wachitatu asamve.

"Mlamu, mwandiika pamoto. Ndinakufunsani, ndinabwerezanso."

"Munandifunsa."

"Anthu awiri sindingathe, mukudziwa nokha mmene shopuyi imapezera. Koma ndinu a m'banja. Ntchitonso mumaitha kuposa aliyense. Mukanena kuti mwabwerera, ndimuuza mayiyu kuti pepani. Nkhope yanga idzagwa kwa anansi, koma ndimuuza."

"Kusitolo kuja angamulandirenso?"

"Analowapo kale wina."

A Mphezi anasuzumira kubenchi. Mpandowo ankaufuna, ndipo mumtima sanabise. Zala zinali zikuyabwabe chifukwa cha tsamba lija, ndipo kunyumba kunali shedi yopanda oda. Zinawapweteka kuti cholakwa chinali cha wakumsika, cha tiyi, cha alamu osafuna kuitana Kawaya, koma pakamwa pamene panati "pezani munthu" panali pawo. Mayi wa pabenchiyo sanalakwe chilichonse. Anangokhulupirira mawu a anthu akuluakulu.

Anabwerera pakompyuta n'kugwira mabatani awiri a pakona aja. Tizilembo ta pansi pa sikirini tinasintha.

"Bwerani mukhale, amayi. Yabwerera kwanu. Pulintayo muziipatsa mapepala ochepa, ndipo wa nsapato uyo musamukongoze."

"Amayi, ine sindinadziwe kuti..."

"Inenso sindinadziwe. Khalani."

Anatenga kapu yawo pawindo ndi juzi limene linkakhala kumbuyo kwa mpando, n'kutuluka. Alamu anawaperekeza mpaka pakhomo akunena kuti ntchito ikachuluka, nyengo ya mayeso, adzawaitana. A Mphezi anavomera ndi mutu. Onse awiri ankadziwa kuti nyengo ya mayeso ndi yaifupi.

Kunyumba anapeza amuna awo m'shedi akupala thabwa. Kalipentala atawaona ndi kapu ndi juzi anasiya kupala.

"Mwapatsirana bwino?"

"Tapatsirana. Bambo, inali kiyibodi. Ndi ya dziko lina, zilembo zake zinakhala mosiyana. Kawaya waikonza ine ndikuona, ndipo ndalemba tsamba lonse osalakwitsa."

Kalipentala anakhala pansi pa mulu wa matabwa, n'kupuma mpweya wautali. Anagwira dzanja la akazi awo, lomwe lija la kumanzere, n'kulifinya. Kenako anafunsa.

"Ndiye mawa mukupita nthawi yanji?"

"Sindikupita. Pali kale munthu."

"Mayi, tandiuzani bwinobwino. Zatha bwanji?"

A Mphezi anaika kapu ija pathabwa lopalidwa n'kukhala pambali pa amuna awo.

"Matenda ndilibe," anatero. "Ntchitonso ndilibe."